Zimene ndinamufunsa munthu amene anapha achimwene anga

Achimwene anga anaphedwa chaka cha 2002 ku Msaka, kwa Nankumba kuno ku Mangochi, ndipo amene anawapha anali mnzawo weniweni woti ankadya nsima kwathu, inenso ndinkamuitana kuti achimwene. Pano ali kunja, anatuluka kundende, ndipo ine ndinakakhala naye pansi nkumufunsa zimene zinkandidya mumtima. Ndikulemba izi chifukwa ndikudziwa alipo ena amene m'bale wawo anaphedwa, ndiye tsiku lina adzangomva kuti uja akutuluka, kapena abale ake atuma uthenga kuti tikambirane, mutu nkuima osadziwa kuti uvomere kapena ukane. Ine nthawi imeneyo ndinalibe ondiuza kuti zimayenda bwanji.

Onse awiri anali alovi, anyamata okoka ukonde, pa chilimira chimodzi, ukonde waukulu wophera usipa. Amene mumadziwa za kunyanja mukudziwa mmene zimakhalira, anyamata amapita usiku ndi nyale kukakopa usipa, m'mawa akagulitsa mwini zipangizo amayamba wachotsa za mafuta ndi gawo lake, zotsalazo ndiye alovi nkugawana. Pogawana pomwepo mpamene pamabuka mikangano makamaka akakhala kuti ayamba kale kulawa kachasu. Ife kunyumba tinangolandira uthenga woti thamangani achimwene anu avulala, pofika kuchipatala ku Monkey Bay tinapeza atawafunditsa kale nsalu mpaka kumutu. Anasiya alamu anga ndi mwana wamwamuna woyamwa.

Maliro tisanaike nkomwe nkhani inali itayamba kale kuyenda pasiwa yoti iyi si ndewu wamba ayi, mwini chilimira ndi amene watuma mnyamatayo kuti akhwimire ukonde. Ndiye tsoka lake chaka chomwecho bambowo anagula injini yatsopano, anthu nkumati mwaonatu, magazi a mwana wanu amenewo. Amayi anazikhulupirira ndi mtima onse, banja lonse chimodzimodzi. Tinasiya kupatsana moni ndi a nyumba imeneyo, pamjigo tikawaona akubwera tinkanyamula ndowa zathu olo zisanadzaze.

Patangopita masiku ochepa abale a mnyamatayo anabwera kudzera kwa amfumu, atatenga mbuzi, matumba a chimanga ndi kandalama komanga pampango. Amalume, omwe ndi mwinimbumba wathu, anati tilandire, wapita wapita koma mwana wasiyidwayu adya chani. Koma pokamba pokamba zinaoneka kuti chimene alendowo akufuna nchakuti anyamata a kwathu amene anaona ndewuyo asakalankhule kukhoti. Amayi anadzuka pamkeka nkunena kuti "Achimwene, mwana wanga sindikugulitsa, abweze katundu wawo." Apa abale mumvetse bwino chifukwa ambiri timasokoneza. Kupepesa maliro ndi mwambo wathu ndipo ndi wabwino, koma mlandu wakupha munthu ndi wa boma, umaweruzidwa ku High Court basi, amfumu sangauthetse, banja silingauthetse, ndipo kulandira ndalama kuti ubise mlandu otere nawonso ndi mlandu. Timilandu ting'onoting'ono monga kumenyana kosavulazana kwambiri a majisitireti amatha kukulolani kuti mukagwirizane kumudzi, koma pamene pagona mtembo ayi. Ndiye wina akabwera mlandu usanazengedwe nkumati tithane pachibale, muyambe mwafunsa kuti chimene akufuna kuti inu muchite nchani. Ngati yankho lake ndi loti mukhale chete, pamenepo palibe kuyanjana kulikonse.

Kukhoti ndinapitako ndithu. Khoti ntchito yake ndi kuona ngati munthu walakwadi komanso chilango chake, si malo oti mlongo wa malemu aimike dzanja nkufunsa zakukhosi kwake, ndiye ndinakhala kumbuyo kumvetsera wotanthauzira mpaka mapeto. Mnyamatayo analankhula zochepa kwambiri, anati anangomenya kamodzi podziteteza. Anamupeza olakwa nkumugamula kuti akanyongedwe, chifukwa nthawi imeneyo lamulo linkati aliyense wopezeka ndi mlandu wakupha mwadala chilango chake ndi imfa basi, jaji analibe mwayi osankha china. Anamutengera kundende ya Zomba. Koma monga mukudziwa kuno kwathu munthu omaliza kunyongedwa ananyongedwa mu 1992 nthawi ya Kamuzu, a Muluzi atalowa anakana kusainira ndipo atsogoleri onse obwera pambuyo pawo sanasainirenso, ndiye anangokhala mkatimo zaka nkumapita.

Anthu ankandiuza kuti tsopano mtima ukhale pansi chilungamo chachitika. Sunakhale pansi. Ndinakwatiwa, ndinabereka ana, ndinayamba geni yanga ya usipa wouma kupita nawo ku Limbe, koma mafunso aja anangokhala pakhosi ngati munga wa nsomba, kumeza osatheka kulavula osatheka. Anamutuma ndani? Achimwene anamva ululu nthawi yaitali? Ananenapo kanthu asanatsirizike? Ndipo munthu mmodzi yekha padziko lonse amene ankadziwa mayankho ake anali yemweyo amene sindinkafuna kumva ndi dzina lake lomwe.

Mu Epulo 2007 khoti linagamula pa mlandu wa a Francis Kafantayeni ndi anzawo kuti lamulo lokakamiza jaji kupereka chilango cha imfa kwa aliyense likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Chilango cha imfa sichinathe ayi, koma zinatanthauza kuti onse amene anagamulidwa mwanjira ija akuyenera kubwereranso kukhoti kuti jaji amve mmene zinakhalira, moyo wa munthuyo, ndi mmene wakhalira kundende, kenako apereke chilango choyenera. Zinatenga nthawi kuti ziyambe, milandu yambiri inayamba kumvedwanso mu 2015, a Malawi Human Rights Commission akutsogolera pamodzi ndi maloya komanso ma paralegal, othandiza anthu pa nkhani za malamulo, a bungwe la PASI, ndipo pamapeto pake anthu oposa 100 anatuluka. Ife kumudzi zonsezi sitinkazidziwa. Tinangoona tsiku lina anthu awiri afika panjinga yamoto ndi makope m'manja, ayamba kwa amfumu kenako kwathu, ati tabwera kudzamva maganizo anu pa nkhani ya uja. Amayi anawathamangitsa ndi mawu. Ine ndinawatsatira mpaka kuseri kwa mathandala nkuwauza kuti zoti atuluke kapena asatuluke aone ajaji, ine changa nchimodzi, andiuze amene anamutuma. Mayi amene ankalembayo anasiya kulemba nkundifunsa kuti "Kodi mutapatsidwa mpata mungafune kumufunsa nokha?" Aka kanali koyamba chichitikireni maliro kuti munthu andifunse ine chimene ndikufuna.

Anatuluka mu 2016, jaji anamupatsa zaka zoti anali atazigwira kale. Sanabwere ku Msaka, anakafikira kwa abale ake cha kufupi ndi ku boma. Kenako uthenga unabwera kwa amfumu kuti akupempha kuonana ndi banja. Apa mpamene panabuka phokoso lina. Amayi a kumpingo kwathu anayamba kubwera mowirikiza, aliyense ndi vesi yake, Mkhristu amakhululuka, musasunge mangawa. Amalume nawo ati tivomere msanga mwina pabwera kenakake. Mbali inayi achibale ena ati ukangopita kumeneko wapereka magazi a m'bale wako. Amene anandithandiza modabwitsa anali ashehe a kwawo kwa mnyamatayo, pakuti iwo ndi Asilamu. Anabwera okha, anakhala pakhonde nkunena kuti "Mayi, kwathu m'chipembedzo kukhululukira wakupha kuli m'manja mwa abale a malemu, palibe shehe kapena mfumu angakulandeni, ndiye musachite phuma. Mukakana ine ndikamuuza kuti akana ndipo adikire." Mawu amenewo anandimasula. Ndinakhala dzinja lonse osayankha, ndipo palibe chinaonongeka chifukwa chodikira.

Nditavomera ndinaika mfundo zanga, ndipo ndikupemphani inunso mudzaike zanu osachita manyazi. Ndinati tsiku limenelo pasaoneke ndalama kapena mbuzi. Ndinati tisakumane kwathu chifukwa amayi safuna kumuona, komanso pasakhale bwalo la mudzi onse loti anthu adzaonerere ine ndikulira. Ndinati ndibwera ndi munthu wanga, chemwali wanga wa kwa amayi aang'ono amene amandidziwa ndikafika pothera, ndipo ndikafuna kudzuka pakati pa nkhani ndidzuka wina asandigwire mkono. Chachikulu ndinati wina asandifunse pamapeto kuti ndiye mwamukhululukira? Amfumu ndi mkulu wina wa mpingo amene anali mkhalapakati anayamba akumana ndi ine pandekha, kenako iye payekha, kuti amve ngati akuvomeradi mlandu wake kapena akungofuna njira yobwererera kunyanja. Chimenechi musachidumphe. Munthu amene akukanabe, kapena akuti malemu anaziyamba dala, kapena abale ake akukuopsezani, simukuyenera kukhala naye pansi, mukangobwerako ndi bala latsopano.

Tinakumana kuseri kwa nyumba ya amfumu pansi pa mtengo wa mango, kunja kukutentha mmene kumatenthera kuno mu Okutobala. Nditamuona sindinamuzindikire msanga. Ine mmutu mwanga ndinkasungabe mnyamata wa mapewa akuluakulu okoka ukonde, koma amene anabwera anali bambo wa imvi, mano akutsogolo atachoka, malaya akumukulira. Anamuyalira mkeka koma anakana, anavula patapata nkukhala padothi chapatali, manja ali pamaondo akunjenjemera. Ine mafunso ndinali nditalemba papepala long'amba mukope la mwana wa achimwene, chifukwa ndinkadziwa kuti pakamwa pandiuma, ndipo panaumadi, funso loyamba anachita kundiwerengera chemwali wanga.

Anakutumani ndani?

Anati "Achemwali, palibe anandituma. Bwana uja sankadziwa kanthu, nthawi imeneyo anali atapita kukagula mafuta." Anafotokoza kuti pogawana ndalama panasowa pang'ono, ndalama yoti olo malaya a kaunjika sungagulire, achimwene nkumunena pagulu kuti wabisa ndi iyeyo, mawu anakula, achimwene anamuwomba mbama anthu nkuseka, iye nkutola nkhafi imene inali pabwato. Ndinamufunsa kuti munawamenya kangati. Anakhala chete nthawi yaitali mpaka amfumu anatsokomola. Kenako anati "Kawiri. Kukhoti ndinanama. Kachiwiriko anali atagwa kale, sakanandichita kanthu." Abale, mawu amenewo anandilowa mpaka m'mafupa, ndinadzuka nkupita kuseri kwa nkhokwe kukasanza. Palibe ananditsatira kupatula chemwali wanga, anangondipatsa madzi osalankhula. Koma nditabwerera ndinadziwa kuti zimene akunenazi ndi zoona, chifukwa munthu ofuna kudziyeretsa sakanaulula chinthu choti chikumuipitsa iye yemwe. Ndiye za bwana zijanso ndinazikhulupirira pomwepo.

Ndinafunsa ngati ananenapo kanthu. Anati anamutchula dzina nkunena kuti iwe wandipweteka, tandidzutsa. Ndiye iye m'malo mowadzutsa anataya nkhafi nkuthawira kuphiri. Anati zaka zonse ku Zomba chimene chinkamudzutsa usiku ndi mawu amenewo, tandidzutsa. Analira, inenso ndinalira, koma aliyense ankalira zake, sitinagwirane chanza ndipo palibe anatikakamiza. Anapepesa, ine ndinangoti ndamva. Tinabalalika dzuwa likupendeka.

Chimene palibe anandichenjeza nchakuti masabata otsatira amakhala owawa kuposa tsikulo. Tulo tinasowa, nsima sinkalowa, ndinkangoona nkhafi ija ikutsika kachiwiri. Amuna anga anafika ponena kuti bola ukanangokhala osapita. Ndiye ngati mwaganiza zokumana naye konzeranitu munthu oti azikuyenderani pambuyo pake, ndipo musaike tsikulo pafupi ndi ulendo wa geni kapena mayeso a ana. Kwa ine zinayamba kupepuka pang'onopang'ono, ndinazindikira kuti zimene ndinkadzipekera mmutu zaka zonse zija, za asing'anga, za kudula ziwalo usiku, zinali zoopsa kuposa zimene zinachitikadi. Chinachitika chinali choipa zedi koma tsopano ndinkachidziwa poyambira ndi pothera pake.

Bwana wa chilimira uja anali atamwalira kale, anapita ndi dzina la mfiti. Ndinapita kwa akazi awo kukawauza zimene ndinamva. Mayiwo anangogwira pakamwa, kenako anati ana awo anasiya sukulu ya pafupi chifukwa cha kunenedwa. Mphekesera za pamaliro zimapweteka anthu ambiri kuposa amene timawawerenga.

Za chipepeso tinakambirana ulendo wina, mitima itatsikako, ndipo apa alamu anga ndi amene anatsogolera chifukwa amene analera mwana yekha ndi iwowo. Munthuyo analibe kanthu, wotuluka kundende amatuluka ndi jumbo basi, koma anaphunzira ukalipentala mkatimo. Tinagwirizana kuti amange chiliza pamanda a achimwene, akonze zitseko ndi mafelemu a nyumba ya alamu, ndipo akapeza kangachepe azithandiza fizi ya mwana amene nthawi imeneyo anali ku sekondale. Tinagwirizananso kuti asadzakhale ku Msaka amayi ali moyo, ndipo pamaliro kapena paukwati wa kwathu asabwere pokhapokha titamuitana. Zonse zinalembedwa, amfumu nkudinda chidindo, aliyense ndi pepala lake. Lembani ndithu, pakamwa pokha pamasintha. Chiliza anamanga, zitseko anakonza zolimba bwino za mlombwa mpaka pano zilipo. Fizi ndiye inkabwera mwa apo ndi apo, teremu ina kuli zii, ndipo alamu ankakwiya nazo, ndi zomveka. Musayembekezere kuti munthu amene wakhala zaka zonsezo mkati, amene anthu akuopa kumupatsa ntchito, adzakusenzerani banja. Ngati mukupita chifukwa cha thandizo lokha mudzakhumudwa.

Amayi sanakumane naye mpaka anamwalira mu 2019. Nditawafotokozera kuti palibe anamutuma anangoti ndamva, nkupitiriza kusankha nyemba. Za kumenya kachiwiri sindinawauze, sanandifunse. Chiliza analola kuti amange koma anati tsiku limenelo iwo akhala m'nyumba, ndipo anakhaladi. Ena ankati agogowa ndi ouma mtima, ine zimenezo ndimakana mpaka lero. Iwo ndi amene anamubereka, anamusambitsa, nkudzamuonanso atafunditsidwa nsalu. M'banja limodzi wina akhoza kufuna kukumana naye wina osafuna, onsewo ali ndi ufulu, ndipo amene wapita asamadzione ngati woyera kuposa amene wakana.

Ngati wanuyo akadali mkati ndipo muli ndi mafunso, simukuyenera kudikira mpaka atuluke. Mukhoza kuyambira ku Victim Support Unit ya kupolisi kwanuko, kapena ku ofesi ya Social Welfare kwa DC, kapena ma paralegal amene amayendera ndende, muwafotokozere kuti mukufuna munthu oti akhale pakati. Kundende kumakhalanso abusa ndi mashehe amene amayendera akaidi ndipo akhoza kukafufuza kaye ngati munthuyo ali okonzeka kunena zoona. A Prison Fellowship nawo amagwira ntchito ndi akaidi ndi otuluka kumene, ali ndi malo ku Balaka. Musapite nokha ngati mlendo wamba pa tsiku loona akaidi, pamakhala phokoso ndi anthu ambiri, nkhani ngati iyi siingakambike pamenepo. Mudziwenso kuti amene wapatsidwa zaka zowerengeka nthawi zambiri samaliza zonse, akakhala ndi khalidwe labwino amamuchotsera gawo limodzi mwa magawo atatu, ndiye akhoza kutulukira msanga kuposa mmene mukuwerengera. Bola kudziwiratu kusiyana nkungokumana naye mwadzidzidzi mu minibasi ya ku Monkey Bay.

Anthu amandifunsabe kuti ndiye munamukhululukira eti? Ndimayankha mmene zilili, masiku ena ndimaona ngati eya, masiku ena monga ndikamva anyamata akukangana kudoko mtima umabwereranso pomwe paja. Tikakumana ku boma ndimamupatsa moni, amavula chipewa nkuyankha, aliyense nkupitiriza ulendo wake. Sindimufunira zoipa, komanso sindingamuphikire nsima.

Mwana wa achimwene uja pano ndi bambo, amayendetsa kabaza wa njinga yamoto. Nthawi imene ife tinkakumana sitinamutenge, anali wamng'ono ndipo mayi ake anakana. Chaka chatha anabwera yekha nkuti "Azakhali, ndikufuna ndikamuone munthu uja." Ndinamuuza zomwe ndakuuzanizi, alembe mafunso ake, asankhe omuperekeza, asapite atakwiya kapena atamwa. Anasankha amalume ake a kwa mayi ake, ine sindinapite nawo. Zimene anakambirana kumeneko sanandiuze ndipo sindinamuumirize. Anangobwera madzulo ake nkundifunsa kuti kodi nzoona kuti adadi anali a mtima wapachala? Ndinamuuza kuti eya, anali otero, mbama sinkachedwa, komanso ndi omwewo amene ankandigulira yunifolomu ndi ndalama za usipa bambo athu atatisiya. Anafunsanso ngati chilipo chithunzi china kupatula chija cha pachitupa, ndiye tagwirizana kuti mwezi wa mawa tipite kwa amayi aang'ono ku Malembo, iwo anasunga zithunzi za paukwati.